Ndinaimitsa Maliro a Mlongo Wanga

1

Amene mumagula nsalu m'tauni ya Zomba mwina munandionapo. Ndine Warda, mayi wonenepa uja wa m'sitolo ya a Ebrahim, amene ndinkadula chitenje maso ali pa kanema. Masiku ano akangoyatsa kanemayo ndimapita kukapinda nsalu kuseri.

Kanemayo anamukhomera pamwamba pa mashelefu chifukwa cha a Sultana, akazi awo a bwana, amene ankakonda mafilimu a apolisi ofufuza milandu ya kupha. Matendawo anandipatsira, ndipo ine ndinadwala kuposa eni ake. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkaonera anthu ovala magolovesi akutola katsitsi kamodzi pansi, n'kukaponya m'makina, makinawo n'kulavula dzina la wakupha ndi chithunzi chake chomwe. Munthu ankafa filimu ikuyamba, pomatha wakupha ali m'maunyolo, ife tiyi asanazizire n'komwe.

"Warda, lero wapha ndani?" a Sultana ankandifunsa.

"Mkazi wakeyo. Taonani mmene akugwirira kapu."

Kawirikawiri ndinkalasa, ndipo mutu unakula. Kwathu ku Chinamwali anayamba kunditcha a CID. Nkhuku ya mayi ikasowa ndinkawerama n'kumayeza mapazi pafumbi, anthu akuseka. Amene ankaseka kwambiri anali mlongo wanga wamng'ono, Abasi.

Abasi ankaperekeza alendo paphiri, kuwaonetsa mathithi ndi dzenje la Chingwe. Miyendo yake inali yolimba, pakamwa pake posatopa. Anakwatira Kulusumu, mtsikana wa ku Malosa wolankhula pang'ono, ndipo patatha zaka ziwiri anali asanaone mwana. Mayi ankaponya mawu, awiriwo n'kumakangana m'nyumba. Zimenezi ndinkazidziwa chifukwa Abasi sankandibisira kanthu.

2

Linali Lachiwiri, mwezi wa June, phiri litafunda nkhungu. Cha m'ma 3 koloko masana foni yanga inalira. Anali Kulusumu, mawu akutuluka modukaduka.

"Alamu, bwerani! Agwa! Amamwa tiyi, angogwa!"

Pamene kabaza ankanditsitsa kuchipatala, Abasi anali atafundidwa kale nsalu mpaka kumutu. Anali ndi zaka 34. Dokotala analemba kuti mwina ndi mtima, ndipo anatipatsa thupi.

Mwa ife Asilamu maliro sachedwa. Munthu akamwalira timamusambitsa, kumukulunga m'nsalu yoyera ya sanda, kumupempherera n'kumuika msanga. Kumusunga pamtunda timati n'kumuzunza. Akuluakulu anagwirizana kuti aikidwa mawa lake, mapemphero a masana akangotha. A Ebrahim anadula okha sandayo n'kundipatsa m'manja.

M'mawa mwake, amuna akukumba manda, ine ndinazemba pasiwa. Ndinapita kupolisi.

Ndinakumana ndi wofufuza wina, a Ralph, bambo wowonda wa magalasi omanga ndi ulusi. Ofesi yawo inali ndi tebulo limodzi ndi mafayilo ounjikana mpaka pawindo. Ndinayang'anayang'ana makina, sindinawaone.

"Ndikufuna apime mtembo wa mlongo wanga," ndinatero.

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Koma kupima mtembo si kupima malungo. Adokotala alemba kale kuti mtima. Ngati banja silikukayikira munthu, ife sitiletsa maliro."

"Ndiye popanda wokayikiridwa simungapime?"

"Pamafunika chifukwa. Pali amene mukumukayikira?"

Ndinkamva wotchi ya pakhoma ikugunda, ndipo maola anayi okha ndi amene anatsala kuti Abasi alowe m'nthaka ndi zonse zimene zinali m'mimba mwake.

"Mkazi wake," ndinatero. "Amwalira akumwa tiyi wa mkazi wake. Ankakangana."

A Ralph anatsegula cholembera. "Inuyo munamuona liti komaliza ali moyo?"

"Lachisanu lapitali."

Ndinayankha mwachangu, ndipo iwo analemba.

3

Tinafika ku Chinamwali amuna atatenthetsa kale madzi osambitsira maliro. Jeneza, chonyamulira maliro chathu, linali litatsamira pakhoma. Anthu ataona galimoto ya polisi, ine ndikutsikamo, phokoso lonse linazima.

A Ralph analankhula ndi ashehe mwaulemu. Ashehe ananditembenukira.

"Mwana wanga, manda ali pululu kudikira. Ukufuna mbale wako akamung'ambe?"

"Ndikufuna choonadi, ashehe."

Mayi anatuluka m'nyumba akukwawa ndi maondo, mpango utagwa. Anandigwira miyendo pamaso pa anthu onse.

"Ngwamba, Warda, ayi! Ndinamubala wathunthu, apite wathunthu. Usandichititse manyazi otere."

Ndinawachotsa manja. Ine ndemwe, ndi manja angawa. Ndinawauza kuti iwo sadziwa mmene zinthu zikuyendera masiku ano, kuti kuli makina oona ngakhale kadontho ka poizoni.

Kenako ndinauza a Ralph kuti atenge kapu imene Abasi anamwera, akaone zidindo za zala. Amayi ena anayang'anana. Kapuyo anali ataitsuka dzulo lomwelo, ndipo chiyambire m'mawa anthu oposa makumi awiri anali atamwera tiyi wa pamaliro. Ketulo nayo inali pamoto. A Ralph anatenga chitini cha shuga ndi masamba a tiyi otsala, n'kuziika m'jumbo ya buledi.

Kulusumu anamutulutsa m'chipinda chimene ankalirira. Sanakuwe, sanakane. Ankangondiyang'ana. Akukwera galimoto ndinamuyandikira n'kumunong'oneza.

"Musaope, alamu. Masiku awiri okha. Makina akuyeretsani, mubwerako."

Anagwedeza mutu. Anandikhulupirira, poti m'banja monse wodziwa zinthu zimenezi ndinali ine.

4

Dokotala wopima mitembo sanali pafupi. Anayenera kuchokera ku Blantyre, ndipo anali ndi mitembo ina yomudikira. Anabwera tsiku lachinayi. Masiku onsewo Abasi anagona m'mochale, manda atavundikiridwa ndi malata, anthu akubwera pasiwa n'kumabwerera.

Tinamuika Loweruka. Amuna amene anamusambitsa sanafune kunena zimene anaona, koma amalume anandipeza kuseri kwa nyumba n'kundiuza mawu amodzi okha: "Amusoka ngati thumba la chimanga." Mayi sanandilankhulenso chichokere tsiku limenelo.

Lolemba ndinalawirira kwa a Ralph. "Zotsatira zatuluka?"

"Adokotala apeza kuti mtima unali wokulirapo. Koma poti inu munanena za poizoni, sangatseke nkhani. Atenga magazi ndi za m'mimba kuti zikapimidwe kulabu."

"Ndiye mawa?"

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Mayi, inu mumaonera mafilimu aja eti?"

"Ndimaonera."

"Ndinadziwira pa kapu paja. Mverani. M'filimu wofufuza amakhala ndi mlandu umodzi. Ine ndili nayo makumi anayi. M'filimu labu ili kuseri kwa chitseko. Kuno mabotolo adikire galimoto, akafika akapeze mzere wa mabotolo ena, mwina akapeze mankhwala opimira atatha. Ndipotu ngakhale kwa azunguko sizitha mphindi makumi anayi. Anzathu amene anakaphunzira kumeneko amati nakonso amadikira miyezi."

"Miyezi? Nanga Kulusumu?"

"Mlandu wa kupha, mayi. Apita ku rimandi. Belo yake sitipereka ife, amapereka akhoti lalikulu."

Ndinatuluka n'kukhala pamwala panja pa polisi. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditadyetsa phulalo munthu wina.

5

Mkazi wachisilamu mwamuna wake akamwalira amakhala eda, miyezi inayi ndi masiku khumi ali pakhomo, abale akumutonthoza. Kulusumu eda yake anaikhalira m'ndende, pa simenti, pakati pa anthu osamudziwa. Sadaka ya masiku makumi anayi tinachita iye kulibe.

Lamlungu lililonse ndinkamupititsira mpunga ndi nyemba. Anthu ankandiyamikira. "Taonani mtima wa Warda, akudyetsa amene anapha mlongo wake." Mawu amenewo ankandiwotcha kuposa kutukwana.

Tikakumana, Kulusumu ankalandira chakudya ndi manja awiri, n'kufunsa funso lomwelomwelo.

"Alamu, palibe chimene mwabwera nacho?"

"Zotsatira sizinatuluke. Mwina sabata yamawa."

Ankandiyang'ana kanthawi, kenako n'kuwerama. Ine ndinkaganiza kuti akufunsa za pepala la kulabu.

Mwezi wachiwiri anandiuza kuti ndi woyembekezera. Mimbayo inalipo kale Abasi akumwalira, koma onse awiri sankadziwa. Mwana amene mayi ankamulirira zaka ziwiri anali m'njira. Ndinathamangira kwa a Ralph, ndinathamangira kwa maloya a boma othandiza osauka. Onse anati pepala la belo lalembedwa, likudikira tsiku.

Mwezi wachinayi ndinapita ndi mpunga wanga, woyang'anira akaidi n'kundiuza kuti Kulusumu ali kuchipatala. Anadwala malungo aakulu, ndipo mimba inachoka. Anali wamwamuna.

Ndinalira mumsewu monse kuchokera kuchipatala mpaka kusitolo. A Sultana anandikhazika pampando n'kuzimitsa kanema.

"Warda, pali chimene chikukudya," anatero. "Si chisoni chokha ichi. Ndakhala nawe zaka zambiri."

"Ndikungodikira zotsatira, mama."

Ndinkadikiradi. Tsiku lililonse ndinkadziuza kuti makina alankhula, ndipo akalankhula zonse zidziwika popanda ine kutsegula pakamwa.

Kulusumu anatuluka pa belo atakhala miyezi isanu ndi iwiri. Ku Chinamwali sanagoneko. Ana a m'makwalala anali atamupatsa kale dzina loti "wa tameki", mankhwala a makoswe aja, ndipo amayi a pachitsime ankasuntha zidebe zawo akamadutsa. Abale ake anabwera kudzamutenga, anapita kwawo ku Malosa.

6

Zotsatira zinabwera patatha chaka ndi miyezi iwiri. A Ralph anandiimbira, ndipo ndinasiya kasitomala nsalu ili pakati podula.

Linali pepala limodzi. Ine ndinkayembekeza buku.

"Apima tameki, palibe," a Ralph anawerenga. "Apima mankhwala a mbewu ndi a tizilombo amene anthu amamwetsana kuno, palibe. Mlamu wanu alibe mlandu. Tiuza akhoti nkhani itsekedwe."

"Basi? Sanapeze china chilichonse m'magazimo?"

"China ngati chiyani?"

"Chilichonse. Makina aja samaonetsa zonse zimene munthu anamwa?"

"Ayi, mayi. Amafufuza chimene tawapempha. Inu munati poizoni wa m'tiyi, ife tinalemba poizoni wa m'tiyi. Mankhwala padziko pano ndi ambirimbiri, sangayese onse. Wina akanatiuza kuti malemu anamwa chakutichakuti, tikanawapempha ayang'ane chimenecho."

"Sangayang'anenso panopa?"

"Ndi chiyani? Magazi anali ochepa, anathera pomwepo. Zotsala zinawonongeka kalekale."

Apa ndi pamene ndinagwa pansi m'ofesi muja. Ndipo ndinanena zimene ndikukuuzani tsopano, zimene ndinazisunga miyezi khumi ndi inayi.

Abasi sindinamuone komaliza Lachisanu. Ndinamuona Lachiwiri lomwelo, maola awiri asanamwalire. Anatsika kuphiri masana n'kundipeza kuseri kwa sitolo ndikudya. Anali atagwira mutu.

"Achemwali, mutu ukundiphulika. Maso akuchita mdima."

Ndinamuyang'ana maso, ndinamugwira pamkono ngati mmene ndinkaonera pa kanema, n'kugamula kuti magazi akuthamanga. Iye anati apite kuchipatala. Ine ndinati mzere wake wa kumeneko afika mawa. Ndinatsegula chikwama n'kumupatsa mapiritsi anga a BP, amene adokotala anandilembera ine. Ine ndimamwa limodzi. Iye, poti ndi mwamuna wamphamvu, ndinamupatsa awiri.

Atamwalira, funso limodzi linandikhala pakhosi: kodi ndamupha ndine? Kufunsa poyera ndinkaopa. Ndinkaopa maso a mayi, ndinkaopa ndende. Ndiye ndinapeza nzeru yanga ya mu kanema. Ndinati apime mtembo, makina andiyankhe mwakachetechete. Akapanda kupeza kanthu, mtima wanga ukhala pansi ndipo palibe adzadziwe. Akapeza mapiritsi, ndidzavomera pamenepo. Apolisi ankafuna dzina kuti apime, ine ndinawabwereka dzina la Kulusumu kwa masiku awiri.

Sindinamukayikirepo mlamu wanga ngakhale mphindi imodzi.

A Ralph anaika pepala lija patebulo.

"Mapiritsiwo ndi amene anamupha?" ndinafunsa.

"Sindikudziwa. Mwina mtima unali utatha kale. Mwina anauthandizira. Mukananena tsiku loyamba lija, bwenzi pano tikudziwa, ndipo mtsikana uja sakanagona m'ndende ngakhale tsiku limodzi. Panopa palibe adzakuuzeni, kuno kapena kunja." Anatenga pepala latsopano. "Ndilemba zimene mwanenazi, akuluakulu aona chochita nanu. Koma mlandu waukulu suli muno. Uli ku Malosa."

7

Ndinakwera minibasi Loweruka m'mawa. Kulusumu ndinamupeza kudimba la mayi ake akuthirira mpiru. Anali atawonda, mpango wakuda kumutu. Atandiona anaika kheni pansi n'kundiyalira chitenje pamzere.

Sindinakhale pachitenjepo. Ndinagwada m'matope n'kunena zonse, kuyambira kuseri kwa sitolo mpaka pepala la a Ralph. Ndinkadikira kuti akuwe, kapena andimenye ndi kheniyo. Ndikanakonda akanatero.

Anangoti, "Awiri oyera, ang'onoang'ono."

Ndinadzutsa mutu.

"Anandiuza atangolowa m'nyumba," anatero Kulusumu. "Anati, 'Ndadzera kwa achemwali, andipatsa mapiritsi awiri, mutu wayamba kuleka. Achemwali aja ndi dokotala ndithu.' Anaseka. Ndinawathirira tiyi. Mawu ena sanalankhulenso."

"Munkadziwa? Nthawi yonseyi?"

"Kuyambira tsiku loyamba."

"Nanga bwanji simunawauze apolisi, alamu? Bwanji?"

"Poyamba munati masiku awiri, ndinati ndipirira. Kenako ndinaganiza za amayi. Aika mwana mmodzi, ndiye wina ndimutsekeretse ine? Ndinati ayi, alamu ndi munthu wamkulu, anena okha." Anapukuta manja pachitenje chake. "Lamlungu lililonse ndinkakufunsani ngati mwabwera ndi kanthu. Inu munkandiyankha za mapepala."

Madzi a m'ngalande ankadutsa pa maondo anga.

"Mwana atachoka ndinafuna kunena," anapitiriza. "Koma ndinaona kuti ndikanena, sabwerera. Ndinangosiya."

"Mundikhululukire, alamu."

Anatola kheni yake. Nkhope yake inalibe mkwiyo, ndipo chimenecho ndi chimene chimandipweteka mpaka lero.

"Za mapiritsi ndinakukhululukirani kalekale. Munkafuna kuthandiza mlongo wanu. Zinazo musandifunse lero. Pitani mukawauze amayi, ndi anthu a ku Chinamwali amene amanditcha dzina lija. Mukawauze ndi pakamwa panu, osati ndi pepala."

Anabwerera kumzere wake n'kupitiriza kuthirira.

8

Ndinawauza. Ashehe anaitanitsa banja ndi anansi pabwalo la mayi, ndipo ndinaimirira n'kunena zonse. Mayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anapempha amalume kuti awaperekeze ku Malosa. Anakhalako masiku atatu. Ine mpaka pano akandiona amangoyankha moni. Za kupolisi zikuyenda pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, ndipo chimene adzagamule ndidzachilandira.

Inu owerenga, sindikuti mutaye makanema anu. Mafilimu aja anapangidwa kuti atisangalatse, ndipo amasangalatsadi. Koma ine anandiphunzitsa bodza limodzi lokoma, loti choonadi chimatuluka chokha, mwachangu, munthu wolakwa atangokhala phee. Anthu opima aja alipo, ndipo amagwira ntchito yawo ndi zochepa zimene ali nazo, koma amayankha funso limene afunsidwa. Langa sindinawafunse, ndipo yankho lake linapita ndi Abasi.

Ngati pali chimene mukuchidziwa, ndipo wina akuvutika chifukwa inu mwatseka pakamwa, musadikire Lamlungu lina. Ine ndinapita kundende kuja maulendo makumi atatu ndi mpunga wotentha. Ulendo uliwonse mlamu wanga ankandipatsa mpata, ndipo ulendo uliwonse ndinkabwerako ndi mbale yopanda kanthu, iye n'kutsala m'katimo.